Mawu osamveka amene amaona mkati mwa chitsulo

Mayi wodziwa kugula mbiya pamsika sakhutira ndi maso okha. Amaigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Ikalira bwino ndiye kuti ndi yamphumphu, koma ikamveka mofooka amadziwa kuti ili ndi mng'alu, angakhale sukuoneka.

Nzeru yomweyi ndi imene mainjiniya amagwiritsa ntchito poyeza njanji, mapaipi a mafuta ndi zitsulo za ndege popanda kuzidula kapena kuziswa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amagogoda ndi mawu amene khutu la munthu silingamve, otchedwa ultrasound.

Mng'alu wobisika si nkhani yamasewera. Pa 17 Okutobala 2000, sitima yapamtunda yochoka ku London kupita ku Leeds inagwa pafupi ndi tauni ya Hatfield ku England. Anthu 4 anamwalira ndipo ena oposa 70 anavulala. Ofufuza anapeza kuti timing'alu timene tinayamba pamwamba pa njanji tinalowa pansi pang'onopang'ono mpaka njanjiyo inasweka m'zidutswa pafupifupi 300.

Nanga mawu angaone bwanji mkati mwa chitsulo? Khutu la munthu limamva mawu onjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi, pomwe makina oyezera zitsulo amatulutsa mawu onjenjemera mamiliyoni angapo. Woyeza amapaka mafuta kapena madzi pachitsulo n'kugunditsapo kachipangizo kotumiza mawuwo. Akakumana ndi mng'alu, mawuwo amabwerera, monga amachitira munthu akafuula pafupi ndi phiri.

Mumpweya mawu amayenda mamita 340 pa sekondi, koma m'chitsulo amathamanga mamita pafupifupi 5,900. Choncho ngati mng'alu uli masentimita 3 pansi, mawu amapita n'kubwerako m'gawo limodzi mwa magawo 100,000 a sekondi. Poyeza kanthawi kameneka, makina amadziwa pamene pali vuto.

Lusoli si lachilendo. Floyd Firestone wa ku yunivesite ya Michigan ku America analandira chiphaso cha umwini wa makina otere mu 1942. Ndipo sikani imene amayi oyembekezera amajambulidwa nayo kuchipatala inabadwira komweku. Mu 1955, dokotala wa ku Glasgow, Ian Donald, anatenga zotupa zochotsedwa mwa odwala n'kukaziyeza ndi makina ofufuzira ming'alu pafakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew. Mu 1958 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za ntchito yawo m'magazini ya madokotala ya The Lancet.

Komabe kutumiza mawu si kovuta. Ntchito yagona pa kumasulira zimene zabwerera. Zitsulo zina, makamaka pamene aotcherera, zimamwaza mawu mbali zonse. Zikatero chizindikiro cha mng'alu chimamira m'phokoso, ngati wailesi imene siyikugwira bwino. Nthawi zinanso mng'alu waung'ono wapamwamba umaphimba waukulu umene uli pansi pake.

Apa ndi pamene ophunzira a madigiri apamwamba a Masters ndi PhD amaloweramo. Phunziro lawo limatchedwa signal processing, kutanthauza masamu opeta zimene makina amva kuti mankhusu achoke, maso a chimanga atsale.

Chitsanzo chodziwika bwino chinachokera ku yunivesite ya Bristol ku England. Mu 2005, Caroline Holmes, Bruce Drinkwater ndi Paul Wilcox anafotokoza njira yotchedwa Total Focusing Method. M'malo mwa kachipangizo kamodzi, amandanda tambiri, mwina 64. Kamodzi kamatumiza mawu, tonse timamvetsera. Kenako kachiwiri kamatumiza, tonse timamvetseranso, mpaka kotsiriza. Pomaliza pamakhala mauthenga 4,096. Kompyuta imawerengera nthawi imene mawu angatenge kufika pamalo aliwonse mkati mwa chitsulocho n'kuphatikiza mauthengawo. Pamene pali mng'alu mauthenga amagwirizana ndipo pamawala pachithunzi, pomwe phokoso limafafanizana lokha. Lero njirayi imapezeka m'makina onyamula m'manja amene oyeza amapita nawo kuntchito.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira wa kafukufukuyu amatha miyezi akuboola timabowo ta saizi yodziwika m'zidutswa za chitsulo, n'kumayesa ngati masamu ake atipeza tonse pamalo oyenera. Ayenera kusamala mbali ziwiri. Makina akaphonya mng'alu, anthu akhoza kufa. Akamakuwa chinjoka pomwe palibe, kampani imataya chitsulo chabwino ndi ndalama, ndipo oyeza amasiya kuwakhulupirira. Masiku ano ena akuphunzitsa makompyuta kuzindikira okha ming'alu powaonetsa zithunzi zambirimbiri.

Koma makina sasintha njanji. Ku Hatfield, akuluakulu ankadziwa kale kuti njanjiyo yawonongeka ndipo yatsopano inali itabwera, koma inachedwa kuikidwa. Mu 2005 khoti linalamula makampani a Balfour Beatty ndi Network Rail kulipira chindapusa cha mamiliyoni a mapaundi chifukwa chophwanya malamulo a chitetezo. Ofufuza atha kunola khutu la makina chaka ndi chaka, koma wokwera sitima amapulumuka pokhapokha amene walandira lipoti atachitapo kanthu.