Mawu amenewo si anga: zimene ubongo umamva gemu ikakulankhulira

Mu Novembala 2015 kampani ya Bethesda, ya ku Maryland m'dziko la America, idatulutsa gemu ya Fallout 4. Anthu adaigula mwaunyinji ndipo ambiri adaikonda. Koma mwezi usadathe n'komwe, osewera ena odziwa za makompyuta anali atakonza kale kapulogalamu kosintha chinthu chimodzi m'gemumo. Mfuti sadazikhudze, zilombo adazisiya, mabwinja a mzinda wa Boston momwe nkhaniyo ikuchitikira adangokhala momwe analili. Chidawavuta ndi mayankho. Ankafuna kuti asanadine batani, aziona chiganizo chonse chimene munthu wawo akufuna kunena.

Kwa amene sasewera magemu, dandaulo limeneli lingamveke lachibwana. Ine ndimaliona lolemera, chifukwa likugunda pa funso limene akatswiri a ubongo akhala akulifufuza kwa zaka zambiri: kodi munthu amadziwa bwanji kuti chachitikachi wachita ndi iyeyo?

Tiyambire kumbuyo. Fallout ili m'gulu la magemu amene wosewera amasanduka munthu wa m'nkhani. Amamupatsa dzina, amamusankhira nzeru, mphamvu ndi luso la pakamwa, kenako amamuyendetsa m'dziko limene lidasakazidwa ndi mabomba a nyukiliya. Gemu yoyamba idatuluka mu 1997 kuchokera ku kampani ya Interplay, ndipo amene adatsogolera ntchitoyo anali Tim Cain. Munthu wako m'gemu imeneyo sankamveka mawu. Ukakumana ndi wina, pa sikirini pankabwera mndandanda wa ziganizo zathunthu, iwe n'kusankhapo chimodzi. Chomwe wawerenga ndicho chomwe wanena.

Mndandandawo unkasintha malinga ndi munthu amene wamuumba. Ukamupatsa nzeru zochepa kwambiri, ankalephera kulumikiza mawu, amangong'ung'udza, ndipo anthu a m'gemumo ankamuyankha ngati mwana kapena kumukana ntchito. Ukamupatsa luso la pakamwa, zitseko zina zinkatseguka. Kumapeto kwa gemuyo kuli mdani wamkulu wotchedwa Master, amene akufuna kusandutsa anthu onse kukhala mtundu watsopano wa zimphona. Wosewera amene wapeza umboni woti zimphonazo sizibereka atha kumuonetsa umboniwo, Master n'kuzindikira kuti ntchito yake yonse ndi yopanda tsogolo, n'kudziwononga yekha. Nkhondo yomaliza imatha osawombera chipolopolo. Fallout: New Vegas, imene kampani ya Obsidian idapanga mu 2010, idasunga mwambo womwewo: mkulu wa nkhondo Lanius utha kumubweza ndi pakamwa pokha.

Fallout 4 idabwera ndi njira ina. Munthu wa wosewera tsopano ankalankhula ndi mawu a munthu weniweni. Brian T. Delaney adajambula mawu a mwamuna, Courtenay Taylor a mkazi, aliyense ziganizo zoposa 13,000. Mayankho adawachepetsa kukhala anayi nthawi zonse, molingana ndi mabatani anayi a chosewerera, ndipo pa batani lililonse pankalembedwa mawu awiri kapena atatu okha. Nthawi zambiri limodzi linali lofunsa, lina lovomera, lina lokana, ndipo lina linkangolembedwa kuti Sarcastic, kutanthauza kuyankha monyodola. Kunyodola kwake kotani, nthabwala yofewa kapena chipongwe, unkadziwa munthu wako atatsegula kale pakamwa. Choipitsitsa n'choti mayankho anayiwo kawirikawiri ankakufikitsa pamalo amodzimodzi.

Opanga gemu sadachite zimenezi chifukwa cha ulesi, ndipo masamu ali kumbali yawo. Ngati nkhani ili ndi mphambano 10, iliyonse ya njira ziwiri zosakumananso, mathero ake ndi 1,024. Mphambano zikafika 20, mathero amapitirira 1 miliyoni. Palibe kampani ingalembe zonsezo. Choncho njira za m'gemu zimakhala ngati tinjira todutsa mbali ziwiri za chulu: timasiyana pang'ono, kutsogolo n'kukumananso. Pamene munthu wa wosewera anali wosalankhula, kuwonjezera yankho lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi kunkangofuna wolemba ndi kompyuta yake. Atapatsidwa mawu, yankho lililonse lidayamba kufuna situdiyo, ojambulidwa awiri, ndi anthu oyendetsa milomo ndi nkhope kuti zigwirizane ndi mawuwo. Gemu yotsatira imafunanso ogula ambiri kuposa yoyamba, ndipo ogula atsopano ambiri amafuna chinthu chooneka ngati filimu.

Nanga n'chifukwa chiyani zidawawa chotere?

Yesani kudzigirigisha m'khwapa. Simuseka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Sarah-Jayne Blakemore, Chris Frith ndi Daniel Wolpert adafufuza nkhani imeneyi ku London. Adakonza makina oti munthu akasuntha dzanja lamanzere, kasiponji kankamukhudza pachikhatho cha dzanja lamanja. Kasiponjiko kakamatsatira dzanja nthawi yomweyo, munthu sankamva kugirigisha kwenikweni. Akatswiriwo atachedwetsa makinawo pang'ono chabe, ndi gawo laling'ono la sekondi, kapena kukhotetsa njira ya kasiponjiko, kugirigisha kudakula. Chimene adapeza n'choti ubongo ukamalamula thupi kuchita kanthu, umalosera zimene zitsatire, ndipo mbali ya ubongo ya kunkhongo yotchedwa cerebellum imatenga nawo gawo pa ntchito imeneyi. Zotsatira zikafanana ndi ulosiwo, ubongo umati: ndachita ndine. Zikasiyana, umati: wachita ndi wina.

Kafukufukuyu anali wa khungu ndi manja, sadali wa magemu, koma ndikukhulupirira kuti akutiunikira bwino. Wosewera akawerenga mawu awiri pa batani, m'mutu mwake amapanga kale chiganizo, ndi kamvekedwe kake komwe. Akadina, n'kumva munthu wake akukalipira nkhalamba imene iye amafuna kungoiseka pang'ono, ulosi ndi zotsatira zasemphana. Munthu wa pa sikiriniyo amasiya kukhala "ine", amasanduka "uyo". Amene adayankhulapo kudzera mwa womasulira, iye akumvako pang'ono chinenero chinacho, amadziwa kuwawa kwake. Iwe wanena modzichepetsa, womasulira wathiramo tsabola, ndipo anthu akuyang'ana iwe.

Pali mbali yachiwiri. Edward Deci ndi Richard Ryan, akatswiri a kaganizidwe ka munthu a pa yunivesite ya Rochester, adaphunzitsa kuti mtima wa munthu uli ndi njala zitatu: kudzimva kuti zimene ukuchita zikuchokera mwa iwe, kudzimva kuti ukutha kanthu, ndi kukhala paubale ndi ena. Mu 2006 Ryan, pamodzi ndi Scott Rigby ndi Andrew Przybylski, adayesa mfundo imeneyi pa osewera magemu. Adapeza kuti amene ankadzimva kuti ali ndi ufulu komanso akutha, ndiwo ankasangalala kwambiri, ankafuna kubwereranso ku gemuyo, ndipo ankadzuka pampando mtima uli bwino. Pano pali posavuta kusokoneza. Ufulu umene akatswiriwa amanena si kuchuluka kwa zosankha. Munthu atha kupatsidwa njira makumi awiri n'kungosokonezeka, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chofunika n'choti njira imene watenga aivomereze kuti ndi yake.

Ndipo njala imeneyi si ya achinyamata a magemu okha. Mu 1976 Ellen Langer ndi Judith Rodin adachita kafukufuku m'nyumba yosungira okalamba ku Connecticut. Gulu lina adaliuza kuti lili ndi udindo pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku: aliyense adasankha duwa loti azilisamalira yekha, adasankhanso usiku woti akaonere filimu. Gulu linalo lidapatsidwanso maluwa, koma lidauzidwa kuti anamwino ndiwo aziwathirira. Patatha masabata atatu, a gulu loyamba anali osangalala ndi ochangamuka kuposa anzawo. Zosankha zake zinali zazing'ono, duwa ndi filimu basi, koma zinali zawo.

Chimene chimandichititsa chidwi koposa ndi ichi. Osewera amalirira ufulu wochita zoipa m'gemu, koma ambiri akaupeza saugwiritsa ntchito. Mu 2012 Andrew Weaver ndi Nicky Lewis a pa yunivesite ya Indiana adaonerera anthu akusewera chiyambi cha Fallout 3. Ambiri ankachitira anthu a m'gemu monga momwe angachitire ndi anthu enieni, ndipo amene adachita zankhanza adanena pambuyo pake kuti mtima ukuwatsutsa. Mu 2020 John Ebenger, amene adagwirapo ntchito ku kampani ya BioWare ya ku Canada, adanena kuti pafupifupi osewera 92 pa 100 aliwonse a Mass Effect, gemu ya kampaniyo, ankasankha njira ya ubwino, ngakhale kuti opanga gemu adavutika kwambiri kukonzanso njira ya nkhanza.

Wowerengera ndalama akamva zimenezi angati: ndiye tichotse njira yoipayo, ikutidyera ndalama pachabe. Apa m'pamene ndikutsutsana naye kotheratu. Batani limene sulidina limagwira ntchito ngakhale sulidina. Ukathandiza mudzi pomwe unali ndi mpata wouotcha, thandizolo ndi lako, ndipo limakuuza kanthu za iwe mwini. Ukathandiza chifukwa mabatani onse anayi akuti inde, wangotumidwa. Kuvomera kwa munthu amene sakadatha kukana sikulemera kanthu, m'gemu ngakhale pabwalo la milandu.

Mass Effect yomweyo idaonetsa poyera mmene zimapwetekera. Gemu yoyamba ya mu 2007 idalonjeza chinthu chachikulu: zosankha zako zidzakutsata. Pa dziko lotchedwa Virmire umayenera kupulumutsa mmodzi mwa asilikali ako awiri, Ashley kapena Kaidan, ndipo amene wamusiya sadzaonekanso wamoyo m'gemu ya 2010 ngakhale ya 2012. Anthu adasenza zosankha zotere kwa zaka zoposa zinayi. Mass Effect 3 itatuluka mu Malichi 2012, adapeza kuti pamapeto pali njira zitatu zimene zithunzi zake zinkafanana kwambiri, kusiyana kooneka msanga kunali mtundu wa kuwala: kofiira, kobiriwira ngati msipu, kapena kwa buluu. Mkwiyo udali waukulu moti mu Juni chaka chomwecho BioWare idatulutsa mathero owonjezera kwaulere. Mwa zimene idawonjezera munali njira yachinayi: kukana zonse zitatu. Ukakana, nkhondo umaluza ndipo anthu ako amatha. Komabe kampaniyo idaona kuti njirayo iyenera kukhalapo.

Kodi zonsezi zikukhudza bwanji thanzi? Makolo ambiri amawerenga maola amene mwana wakhala pa gemu, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika vuto lokanika kusiya magemu pa mndandanda wake wa matenda, umene udayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Koma limanena za munthu amene walephera kudziletsa, waika gemu patsogolo pa sukulu, ntchito ndi abale, ndipo akupitirizabe ngakhale zinthu zikuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Amene amafika pamenepo ndi ochepa mwa osewera. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Oxford, Przybylski uja ali m'gulumo, adafalitsa kafukufuku wa osewera oposa 38,000 a magemu asanu ndi awiri, pogwiritsa ntchito maola enieni amene makampani adalemba. Sadapeze umboni wooneka woti kuchuluka kwa maola pakokha kumakweza kapena kutsitsa mtendere wa mumtima. Chimene chidaoneka kuti chikuyendera limodzi ndi mtenderewo ndi chifukwa chosewerera: amene ankasewera chifukwa akufuna anali bwino kuposa amene ankadzimva kuti akukakamizika. Ndiye kholo likafunsa kuti "wasewera maola angati?" lingawonjezere funso lina: "udasankha chiyani m'menemo, ndipo chifukwa chiyani?" Mwana amene wasiya msilikali mmodzi kuti afe amakhala ndi yankho lalitali, ndipo ndi loyenera kulimvetsera.

Sindikunena kuti munthu wa wosewera asamalankhule. Geralt wa mu The Witcher 3, gemu ya ku Poland imene idatuluka chaka chomwecho cha 2015, amalankhula, ndipo osewera sadadandaule chimodzimodzi. Iye ndi munthu wodziwika kale, wa khalidwe lake, ndipo wosewera amadziwa kuti akuyendetsa Geralt. Ulosi wa m'mutu sulakwika kwambiri. Fallout 4 idakuuza kuti munthuyu ndiwe, upange nkhope yake, umutche dzina, kenako idamupatsa mbiri, mwana wobedwa woti amufunefune, ndi pakamwa pamene sudziwa chotulukapo.

Todd Howard, mtsogoleri wa gemuyo, adavomera mu 2016 kuti njira ya zokambiranayo sidayende bwino monga mbali zina za gemu. Mu 2020, pamene Bethesda idawonjezera anthu olankhula nawo mu Fallout 76, mndandanda wa ziganizo zathunthu udabwerera. Mu 2023 kampaniyo idatulutsa Starfield, gemu yake yaikulu ya za mlengalenga. Munthu wa wosewera m'menemo samveka mawu, ndipo chiganizo chonse chimalembedwa pa sikirini usanadine.