KHOSI LA MLIMI PA NYENGO YA KUKOLOLA

Alimi anzathu, nyengo ya kukolola ikafika ambiri amadandaula ndi khosi. Amai amasenza madengu a cimanga kucokera kumunda kufikira kunkhokwe, ndipo abambo amakhala cowerama tsiku lonse pokumba nshawa. Madzulo khosi lauma, kuceuka nkosatheka.

Khosi liri ndi mafupa 7 osanjikizana, ogwiridwa ndi minofu. Mutu wa munthu wamkuru umalemera makilogalamu ngati 5. Tsono mai wosenza cigubu ca madzi ca malita 20 waonjezapo makilogalamu 20, ndipo khosi lace lanyamula kasanu kulemera kumene linazolowera. Thumba la cimanga la makilogalamu 50 lokha lilemera ngati mitu 10. Minofu ikatopa motere imakokana, ndipo ululu umayamba.

Kawirikawiri ululu wotere umatha pa masabata owerengeka. Kugona tsiku lonse sikuthandiza, pakuti khosi losayenda limaumirabe. Ikani nsaru yofunda pakhosi, ndipo m'mawa ndi madzulo citani izi pang'onopang'ono, ciriconse kasanu:

1. Ceukirani kumanja, kenaka kumanzere.
2. Pendeketsani mutu kuti khutu liyandikire phewa, mbali zonse ziwiri.
3. Bwezani cibwano m'mbuyo, maso ali kutsogolo.
4. Zunguzani mapewa cam'mbuyo.
5. Kankhani mphumi ndi cikhatho, mutu osasuntha, muwerenge kufikira 5.

Kumva kukoka pang'ono si kanthu, koma ululu ukabaya kapena kutsikira m'dzanja, lekani.

Ena amati mankhwala a khosi ndi kulipotokola kufikira lilire. Cenjerani. M'kati mwa mafupa a khosi mumapita msempha waukuru wocokera ku bongo umene uyendetsa manja ndi miyendo, ndiponso mitsempha yotengera mwazi kumutu. Kupotokola kwa mphamvu, ngakhale sikucitika kawirikawiri, kungang'ambe msempha wa mwazi ndi kufetsa munthu ziwalo. Nchito yoongola khosi ndi manja ndi ya anthu ophunzira za mafupa ndi minofu, ochedwa ma physiotherapist, amene apezeka m'zipatala zazikuru monga ca ku Chipata ndi ca St Francis ku Katete. Iwo amayamba apima wodwala, ndipo akatha kumgwira amamphunzitsa zocita kunyumba, popeza kuongola kumathandiza koposa ngati wodwalayo alimbitsanso khosi lace yekha. Musalole mnansi kapena sing'anga kukupotokolani mutu.

Pali ululu wina wosafunika kudikira. Pitani ku cipatala msanga ngati khosi lauma pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukuru, makamaka mwa mwana. Ngati manja acita dzanzi kapena afooka. Ngati mwatuluka zotupa m'khosi ndipo mulikuonda ndi kutuluka thukuta usiku. Munthu amene wagwa mumtengo, pangolo kapena panjinga namva khosi, musamdzutse. Mgwireni mutu kuti usagwedezeke, mumnyamule cogona pa thabwa kapena pa citseko.

Potsiriza, cepetsani katundu. Gawani mtolo pawiri, ikani nkhata yocindikala, ndipo wina akutuleni. Pamene pali ngolo, wilibala kapena njinga, cimanga ciyende pamenepo. Ana ang'ono asasenze zolemera. Khasu likhale la mpini wautali, ndipo muziweramuka kawirikawiri polima. Abambo, kututa zokolola ndi nchito ya banja lonse. Musaisiyire amai okha.