KUKWERA MAKWERERO ULI WEKHA M'MASEWERA A ANTHU ASANU

Usiku uli wonse, m'maiko ambiri, anyamata ndi atsikana zikwizikwi amakhala pa kompyuta kuyembekeza kuti makina awapezere anzao anai amene sanawaonepo ndi kale lonse. Pakapita mphindi zowerengeka anthu asanuwo asanduka gulu limodzi la nkhondo, ndipo kwa theka la ola kapena kuposerapo ulemu wa ali yense uli m'manja mwa alendo. Kasewerede kotere eni ake amakacha solo queue, ndiko kunena kuima pamzere uli wekha, ndipo madandaulo amene kamabala ndi osawerengeka.

Kuti awerengi amvetse, titenge masewera a Counter-Strike. Anawayamba ndi anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, m'caka ca 1999, ndipo kampani ya Valve ya ku America inawatenga m'caka cotsatira. Mtundu wake watsopano, Counter-Strike 2, unatuluka mu 2023. Magulu awiri a anthu asanuasanu amaomberana mfuti pa kanema. Gulu lina limayesa kuchera bomba, linalo limaletsa kapena kulizimitsa. Munthu akaphedwa amangopenyerera kufikira ndime ithe, ndipo gulu loyamba kupambana ndime 13 ndilo latenga mpikisano.

Cimene cimasowetsa anthu tulo ndi nyota zimene wosewera amapatsidwa, zonga za asilikari. Mtundu wa 2012, wochedwa Global Offensive, unali ndi masitepe 18, kuyambira Silver I pansi penipeni kufikira Global Elite pamwamba. Mu Counter-Strike 2 muli cigawo cochedwa Premier, mmene munthu akapambana mipikisano 10 amapatsidwa nambala, ndipo nambalayo imakwera akapambana, imatsika akagonja. Nzeru ya kuyeza kotereku inacokera kwa Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary, amene njira yake inalandiridwa ndi bungwe la chess la dziko lonse mu 1970. Ukagonjetsa wokuposa umalandira zambiri, ukagonja kwa wocepa mphamvu umataya zambiri.

Koma pa chess munthu amalimbana ndi mnzake mmodzi, ndipo akagonja palibe wina womuloza cala. Muno muyezo wa munthu mmodzi ucokera pa nchito ya anthu asanu. Wosewera angathe kugwetsa adani ambiri koposa onse, gulu lake n'kugonjabe cifukwa wina anali kusewera mwacibwana, wina anacoka pakati pa mpikisano, wina anathera nthawi kutukwana anzake. Nambala yake idzatsika pamodzi ndi ya iwo. Cifukwa ca ici ambiri amakhulupirira kuti anakodwa m'dzenje limene amalicha gehena wa Elo, kumene munthu waluso sangatuluke popeza anzake amamukokera pansi masiku onse.

Dandaulo limeneli lili ndi coonadi pa mpikisano umodzi, koma masamu amalikana mipikisano ikaculuka. Tiyerekeze kuti pa anthu khumi alowa m'bwalo pali mmodzi woononga, ndipo woonongayo si inu. Ku gulu lanu kwatsala malo anai, ku gulu la adani kuli malo asanu. Motero pa maulendo 9 otere, kawirikawiri adzagwera kwa inu kanai ndipo kwa adani kasanu. Tsoka limene mumalilira limagwera a tsidya linalo koposa inu, kungoti munthu sakumbukira tsiku limene anapambana cifukwa mdani anathawa. Tsiku limenelo amati linali luso lake. Anzanu amasintha usiku uli wonse, adani amasintha, koma pa mipikisano zana limodzi pali munthu mmodzi yekha amene analipo pa yonse, ndipo nambala ija pang'onopang'ono imanka ifanana naye.

Sitikunena kuti woyenda yekha alibe cipsinjo. Anthu ozolowerana amene alowa pamodzi amadziwa kale amene adzatsogola ndi amene adzalonda kumbuyo, pamene alendo asanu amayamba kufunsana nkhondo ili mkati. Ndipo munthu mmodzi akaponyedwa pakati pa abwenzi anai, kawirikawiri iye ndiye amasenza milandu yonse. Kampani ya Riot Games inaona zimenezi m'masewera ake a Valorant, ndipo mu 2021 inaletsa magulu a anthu anai kulowa pamodzi m'mipikisano ya nyota.

Nanga amene amakwera ali okha amacita ciani? Kulasa bwino n'kofunika, palibe angatsutse. Koma pamene pamaonekera nzeru za munthu ndi pa nkhani ya ndalama. Mu Counter-Strike zida zimagulidwa poyamba pa ndime iri yonse ndi ndalama za m'masewera momwemo. Ali yense amayamba ndi madola 800. Mfuti ya AK-47 imagulidwa madola 2,700, pamene yolasira kutali ya AWP ndi madola 4,750. Gulu likagonja limalandira cipukuta misozi coyambira pa madola 1,400, cimene cimakwera ndi 500 likagonjanso, kufikira 3,400. Cotero gulu losauka liyenera kupangana: kapena onse agule tsopano, kapena onse asunge, alole kutaya ndime imodzi kuti yotsatira alowe ndi zida zokwanira.

Apa ndi pamene magulu a alendo amagwera. Awiri agula, atatu asunga. Ndime imeneyo agonja cifukwa mfuti zacepa, yotsatira agonjanso cifukwa awiri aja matumba ali mbee. Wosewera wocenjera amayang'ana matumba a anzake asanagule cake. Akaona kuti anzake agula mopanda nzeru, nthawi zambiri amagula nao, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo cikonzero copereweza cimene asanu atsata cimapindula koposa cikonzero cabwino ca munthu mmodzi. Akakhala ndi ndalama zoculuka amagulira mnzake mfuti n'kumuponyera, ngakhale mnzakeyo sadzamuonanso mawa. Kwa ife ici ndico covuta koposa zonse, cifukwa cimafuna kuti munthu wodziwa akhale pansi pa maganizo a osadziwa kwa kanthawi.

Cina ndi pakamwa. Malo omenyerapo nkhondo, monga Mirage ndi Dust II, ali ndi maina a ngodya iri yonse, ndipo mau atatu onenedwa msanga, akuti adani ndi angati ndipo ali kuti, angapulumutse ndime. Wophedwa amene ayamba kuphunzitsa mnzake wamoyo amangomutseka makutu, pamene iye afuna kumva mapazi a mdani. Kudzudzula nakonso sikunakonzepo dzanja la munthu pakati pa mpikisano. Wodzudzulidwa amayamba mantha kapena kubwezera, ndipo gulu la asanu latsala la anai.

Mkwiyo ndiwo umadya nyota zambiri. Munthu akagonja kawiri amafuna kubweza zotayika usiku womwewo, monga wochova njuga, ndipo amalowanso mutu uli wotentha. Ozolowera amati zikatero ndi bwino kutseka makina.

Osewera a kuno kwathu ali ndi mavuto ena apadera. Makina akulu a Valve amene ali pafupi nafe ali ku South Africa, ndipo munthu akasewera pa makina a ku Ulaya cipolopolo cake cimafika mocedwa, mdani atamuona kale. Ndiponso malamulo a masewerawa amalanga wocoka pakati pa mpikisano: coyamba amatsekeredwa kunja mphindi 30, akabwereza maola 2, kenaka tsiku lathunthu, kenaka sabata. Makina safunsa ngati munthu anathawa dala kapena magetsi anazima, monga anali kuzimira maola ambiri mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Wanzeru amayamba waona ndandanda ya magetsi asanaime pamzere, cifukwa akazimiridwa avulaza ndi anzake anai amene sadziwa n'komwe kumene Lusaka ali.

Kuti njira ya wekha imafika patali, umboni ulipo. Robin Kool wa ku Estonia, wodziwika ndi dzina lakuti ropz, anakwera kupyolera m'mipikisano ya FACEIT, kumene magulu amasankhidwa mwatsopano nthawi iri yonse, kufikira anayamba kukumana ndi akatswiri olipidwa. Ena a iwo sanakhulupirire kuti mnyamata wosadziwika angalase motero, namunena kuti ali kuba ndi mapulogalamu obisika. Mu 2017 anapita ku London kukasewera m'maofesi a FACEIT anthu ali kupenya, ndipo luso lake linali lomwelo. Caka comweco gulu la mousesports linamulemba nchito ali ndi zaka 17, ndipo mu 2022, ali ndi gulu la FaZe Clan, anatenga cikho cacikulu ca Major mumzinda wa Antwerp ku Belgium.