Chigumu chophika yekha mwana sachitaya

Mwana wa achemwali anga, wa zaka 6, ankabwera nacho chigumu kuchokera kusukulu osachikhudza n'komwe. Ankangofuna maswiti ndi tizakudya ta m'mapaketi, madzulo n'kumakana nsima.

Loweruka lina ndinamupatsa nthochi 4 zakupsa kwambiri. "Samba m'manja, uzisende, uzikanye." Kenako anathira yekha ufa wa mgaiwa, nsinjiro, kasoda ndi kamchere, n'kutakasa. Shuga sitinathire, nthochi zinakwanira. Zamoto ndinagwira ine: mphika pambaula, makala pachivundikiro.

Lolemba kabokosi kanabwera kopanda kanthu. "Anti, anzanga akuti mawa ndiwatengere china!"

Makolo, mpeni ndi moto n'zanu, koma kusenda, kukanya ndi kutakasa asiyireni ana. Ufa ukatayika pang'ono, musakalipe.