Moto woyatsa dala m'minda ya paini ku Dzonzi ndi Mvai

M'minda ya paini ya boma ku Dzonzi ndi Mvai, m'boma la Ntcheu, mitengo yachilengedwe imene idagwetsedwa kuti pabzalidwe paini siitheratu. Zitsa za tsamba, mombo ndi msuku zimaphukanso n'kumalimbirana madzi ndi dzuwa ndi painiyo. Chilimwe chikafika, thengo lomwelo limauma, ndipo wosaka mbewa mmodzi akaponya moto, munda wa zaka zambiri umapsa tsiku limodzi. Njira ina yochepetsera mavuto awiriwa ndi kutentha dala pansi pa mitengo, pa nthawi yochita kusankha.

Njirayi idakhazikika kwambiri kummwera chakummawa kwa America, ku Georgia ndi Florida, komwe minda ya paini wa longleaf imatenthedwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Paini ameneyu ali ndi khungwa lochindikala, choncho moto umamulambalala n'kupha mphukira za oak ndi sweetgum. Mizu ya oak ndi sweetgum siifa, n'chifukwa chake amatentha mobwerezabwereza.

Kuno nkhani ndi ina. Pinus patula, paini wochokera ku Mexico amene adadzaza minda ya m'mapiri a Malawi, ali ndi khungwa lopyapyala, makamaka akadali wamng'ono, ndipo sachedwa kuwauka. Pinus kesiya, mtundu wina wa paini, akakula amapirirako moto. Motero m'munda wa mbande moto suyenera kulowamo ngakhale pang'ono. Mmenemo ntchito ndi ya chikwanje ndi khasu. Moto umathandiza pansi pa mitengo ikuluikulu yosadzidwa bwino, m'malire a munda, ndi pa nthambi zotsala akamaliza kucheka matabwa.

Nthawi yake ndi Juni kapena Julaye, udzu usanaumitsitse. Antchito amayamba alambula msewu wotchinga moto kuzungulira chigawo chonse, n'kupalasa masamba ouma patsinde pa mtengo uliwonse. Amayatsa m'mamawa mame asanakamuke kapena dzuwa litapendeka, kuyambira mbali imene mphepo ikulowera, kuti moto uziyenda molimbana ndi mphepo. Moto wotere umakwawa, malawi ake osapitirira m'mawondo, ndipo anthu amautsatira ndi nthambi zaziwisi m'manja. Tsiku la mwera wamphamvu sayatsa. Chitsa chofuka utsi sachisiya, chifukwa chimatha kudzutsa moto usiku anthu atabalalika.

Kuti nyengo ndiyo imalamula zidaoneka pa kafukufuku amene adayamba mu 1933 ku Ndola, m'dziko la Zambia. M'zigawo zotenthedwa chaka ndi chaka kumapeto kwa chilimwe, mitengo ya miombo idatha, pomwe m'zigawo zotenthedwa msanga nkhalango idakhalabe. Phunziro lake ndi lowawa: moto waukali wotha kugonjetsa zitsa za tsamba ndi womwewonso umene ungaphe patula. Moto wofatsa umangofooketsa mphukira ndi kuchotsa zinyalala, ndipo phindu lake lalikulu lili pomwepo.

Ndipo ku Mvai mitengo yachilengedwe sitingaitche yosafunika. Nkhalangoyi ndiyo imasunga madzi a damu la Mpira, limene anthu a ku Ntcheu ndi Balaka amamwa, ndipo mu 2018 damuli lidaphwa, mipopi n'kuuma. Choncho moto woyatsa dala uyenera kuthera m'malire a munda wa paini, motsogozedwa ndi alangizi a nthambi ya zankhalango. M'mphepete mwa mitsinje yothira mu Mpira, tsamba ndi msuku zisiyidwe zikule.