Kiyi Ali M'manja mwa Yani?

Abale ndi alongo, lero tiphunzira za kompyuta. Ena anganene kuti: "Ife ndife alimi. Kompyuta ndi ya anthu a m'maofesi ku Maputo. Ikutikhudza bwanji?" Ikutikhudza ndithu. Foni imene tili nayo m'thumba ndi kompyuta yaing'ono. Ndalama zimene mwana wathu amatitumizira pa M-Pesa kapena pa e-Mola zimadutsa m'makompyuta. Dzina lathu la pa chitupa, malipiro a aphunzitsi, chiwerengero cha odwala malungo kuchipatala, zonsezi zimasungidwa m'makompyuta. Chinthu chimene chimasunga dzina lathu ndi ndalama zathu tiyenera kuchidziwa bwino.

1. Kompyuta imachita zimene yauzidwa

Kompyuta ndi makina owerengera, olembera ndi osungira nkhani. Payokha siidziwa chochita. Ili ngati ngolo ndi ng'ombe zake: popanda woyendetsa, ngolo siipita kumsika. Chimene chimayendetsa kompyuta ndi malangizo. Malangizowa amatchedwa pulogalamu.

Pulogalamu imalembedwa ndi anthu. Amailemba ndi zilembo ndi manambala, mzere ndi mzere, monga mmene ife tikulembera m'makope athu. Ngakhale mapulogalamu atsopano amene amayankha mafunso ngati munthu adapangidwa ndi anthu, ndipo ali ndi eni ake.

Tsono funso lalikulu ndi ili: ndani ali ndi chilolezo chowerenga malangizowo ndi kuwasintha? Amene ali ndi chilolezo chimenecho ndiye ali ndi kiyi.

2. Pulogalamu yotseka

Mu 1975, chaka chimene dziko lathu lidalandira ufulu, anyamata awiri a ku Amereka, Bill Gates ndi Paul Allen, adayambitsa kampani ya Microsoft. Kampaniyi ndi imene imapanga Windows, pulogalamu imene ili m'makompyuta ambiri a m'maofesi.

Windows ndi pulogalamu yotseka. Munthu akapereka ndalama, sagula pulogalamuyo ayi. Amagula chilolezo choigwiritsa ntchito. Malangizo ake ndi obisika. Sangawawerenge, sangawasinthe, ndipo malamulo salola kuti akopere mnzake. Ikavuta mkati mwake, mwini wake yekha ndiye angaikonze.

Mwini wake ndiyenso amanena tsiku limene asiye kuisamalira. Kusamalira pulogalamu ndi kutseka mipata imene akuba angalowere. Mu Epulo 2014 Microsoft idasiya kusamalira Windows XP. Mu Okutobala 2025 nthawi ya Windows 10 nayo idatha. Makompyuta ambiri akale, ngakhale akuyaka bwinobwino, sangathe kulandira Windows 11. Kampani yolemera imagula atsopano. Nanga sukulu ya kumudzi imene idalandira makompyuta akale ngati mphatso itani?

3. Pulogalamu yaufulu

Pali njira ina. Mu 1983, katswiri wina wa ku Amereka, Richard Stallman, adayamba ntchito yotchedwa GNU. Cholinga chake chidali kupanga mapulogalamu amene aliyense angathe kuwatsegula. Mu 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalemba chiyambi cha pulogalamu ya Linux ndi kuipereka kwa onse. Anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana adaonjezerapo ntchito yawo.

Pulogalamu yaufulu imatipatsa zinthu zinayi. Tingaigwiritse ntchito pa chilichonse chimene tikufuna. Tingawerenge malangizo ake ndi kuphunzira mmene imagwirira ntchito. Tingakopere anzathu. Tingaisinthe, ndi kugawira ena zimene tasinthazo.

Tisaganize kuti chinthu chaufulu ndi chopanda mphamvu. Makompyuta akuluakulu ambiri amene amayendetsa intaneti amagwiritsa ntchito Linux. Mafoni a Android amene amagulitsidwa m'misika yathu nawonso adamangidwa pa maziko a Linux, ngakhale kuti mapulogalamu ambiri oikidwa pamwamba pake ndi otseka.

Ife alimi nkhaniyi tikuidziwa kale. Chimanga cha makolo timasankha ngala zabwino, timasunga, timabzala chaka chamawa, ndipo timapatsako mnansi amene mbewu yake idafumbwa. Chimanga cha haibulidi chimabereka kwambiri, koma mbewu yake tiyenera kugula chaka ndi chaka. Sitikunena kuti haibulidi ndi yoipa. Tikunena kuti mlimi wanzeru amadziwa kuti chaka chimene sitolo ilibe mbewu, kapena mtengo wakwera, amene adasunga yake ndiye amabzala ndi mvula yoyamba.

4. Zimene zidachitika mu 2018

Nkhaniyi si ya maiko akutali okha. Idatichitikira ife.

Mabanki ambiri a m'dziko muno amalumikizana kudzera m'bungwe lotchedwa SIMO. Bungweli ndi limene limachititsa kuti khadi la banki ligwire ntchito pa makina otulutsa ndalama ndi m'masitolo. Pulogalamu imene SIMO inkagwiritsa ntchito idali ya kampani ina ya ku Portugal. Pakati pa SIMO ndi kampaniyo padabuka mkangano pa nkhani ya pangano ndi malipiro. Mu Novembala 2018 kampaniyo idatseka pulogalamu yake.

Kwa masiku pafupifupi asanu, makhadi a mabanki ambiri adaleka kugwira ntchito. Anthu adali ndi ndalama zawo m'banki, koma makina sankawapatsa. Padali mizere italiitali pa zitseko za mabanki. Ogulitsa adasowa ogula. Makina adali athu, nyumba za mabanki zidali zathu, ndalama zidali zathu. Koma kiyi adali kutsidya kwa nyanja.

Sitikuweruza pano kuti wolakwa pa mkanganowo adali yani. Phunziro lathu ndi lakuti dziko lonse lingathe kuimitsidwa ndi munthu amene ali ndi kiyi wa pulogalamu imodzi, popanda mfuti ndiponso popanda msilikali. Makhadi adayambanso kugwira ntchito, ndipo pambuyo pake Banco de Moçambique idapangana ndi kampani ina, ya ku Amereka, kuti ibweretse pulogalamu yatsopano.  Komabe funso lija tisaliiwale.

Anthu a ku Tete akukumbukira nkhani ya Cahora Bassa. Damu lili pa mtsinje wathu wa Zambezi, pafupi ndi Songo. Ufulu tidalandira pa 25 Juni 1975, koma boma la Portugal lidakhalabe ndi magawo 82 pa 100 a kampani yoyendetsa damulo. Mpaka mu 2007 ndi pamene Mozambique idatenga magawo 85 pa 100. Tidadikira zaka 32. Chinthu chingathe kukhala pa nthaka yathu koma osakhala m'manja mwathu. Damu timaliona ndi maso. Pulogalamu siioneka, n'chifukwa chake n'kosavuta kuiwala kufunsa za mwini wake.

5. Njira yaufulu ndi yotheka

Pali zitsanzo zotilimbitsa mtima.

M'zipatala zathu anamwino amalemba chiwerengero cha ana obadwa, ana olandira katemera ndi odwala malungo. Manambalawa amatumizidwa ku boma kudzera m'njira yotchedwa SISMA. Njirayi idamangidwa pa pulogalamu yaufulu yotchedwa DHIS2, imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko oposa 70. Popeza malangizo ake ndi otseguka, akatswiri a m'dziko muno angathe kuwawerenga ndi kuisintha kuti igwirizane ndi zipatala zathu. Palibe kampani imodzi imene ingaitseke.

Ku India kuli chigawo chotchedwa Kerala. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, boma la chigawochi lidaika mapulogalamu aufulu m'masukulu ake, ndipo lidaphunzitsa aphunzitsi ake omwe kuwagwiritsa ntchito. Ndalama zimene zikadapita ku zilolezo zidatsala m'chigawomo. Ana amaphunzira pa pulogalamu imene angathe kuitsegula ndi kuona za mkati mwake.

Ifenso sitikuyambira pansi. Mu 1999, yunivesite ya Eduardo Mondlane idatsegula nyumba za makompyuta za anthu wamba ku Manhiça ndi ku Namaacha. Mu 2000, boma lidavomereza mfundo zoyendetsera nkhani za makompyuta m'dziko. Lero tili ndi ana athu, anyamata ndi atsikana, amene amadziwa kulemba mapulogalamu.

6. Chaufulu si chopanda ntchito

Tisanamizane. Pulogalamu yaufulu siifuna ndalama za chilolezo, koma imafuna anthu. Imafuna woiika m'makina, woisamalira, wophunzitsa ena, ndipo anthuwa ayenera kulipidwa. Imafunanso magetsi, amene midzi yathu yambiri ikuwadikirabe.

Mzinda wa Munich ku Germany udasankha mu 2003 kuchoka pa Windows ndi kupita pa Linux. Ntchitoyo idatenga zaka zambiri. Mu 2017 akuluakulu a mzindawo adavota kuti abwerere pa Windows. Ngati mzinda wolemera chotero udavutika, ndiye kuti kusintha si masewera. Anthu amazolowera chida chawo, ndipo atsogoleri akasintha, maganizo amasinthanso.

Tiganizire za njinga. Njinga yakhala bwenzi la mlimi chifukwa aliyense angathe kuimasula. Tcheni chikaduka, timapita kwa wokonza pansi pa mtengo pamsika. Koma kukadakhala kuti m'dera lonse mulibe wodziwa kulumikiza tcheni, njingayo ikadangokhala pakhonde ndi kuchita dzimbiri. Pulogalamu yotseguka ili chimodzimodzi. Kutseguka kwake kumathandiza pokhapokha pali anthu odziwa kuwerenga zimene zili mkatimo.

Apa ndi pamene nkhani ya makompyuta ikukumana ndi kalasi yathu. Pulogalamu ndi zolembedwa. Mtundu wa anthu osadziwa kuwerenga sungasunge kiyi, ngakhale utapatsidwa m'manja. Atsamunda ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pa nthawi ya ufulu anthu oposa 90 pa 100 m'dziko muno sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Umbuli udali chida chawo. Chilembo chilichonse chimene tikuphunzira chikutichotsa mu ukapolo umenewo.

7. Maganizo athu

Sitikudana ndi makampani akunja. Wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro ake, ndipo pali ntchito zina zimene pulogalamu yogula imagwira bwino. Munthu pa ndalama zake asankhe chimene akufuna.

Koma ndalama za boma ndi za anthu onse. Zimachokera ku misonkho yathu ndi ku thukuta lathu. Choncho ife tikuti: boma likamagula pulogalamu yosungira maina a anthu, ndalama za dziko, nkhani za odwala kapena za malo olima, liyambe lafunsa ngati ilipo yaufulu imene ingagwire ntchitoyo. Likagula yotseka, pangano linene momveka kuti nkhani zosungidwazo ndi zathu, kuti tingazitulutse tsiku lililonse, ndiponso kuti wogulitsa sangatseke mwadzidzidzi. Pa pangano lililonse pakhale ana a dziko lino ophunzira ntchitoyo. Pulogalamu imene yalembedwa ndi ndalama za anthu ikhale ya anthu.

8. Ntchito yathu kumudzi

Choyamba, tipitirize kuphunzira. Mayi amene amadziwerengera yekha uthenga wa pa foni sanamizidwa za ndalama zimene zalowa. Bambo amene amadziwa manambala sapereka nambala yake yachinsinsi kwa munthu wina kuti amutapire ndalama. Nambala yachinsinsi ndi kiyi wathu waung'ono. Tiusunge.

Chachiwiri, tifunse mafunso pamsonkhano. Alendo akabwera ndi makompyuta ku sukulu, ku chipatala kapena ku gulu lathu la alimi, tiwalandire ndi ulemu, kenaka tifunse: Pulogalamu imene ili m'katimu ndi ya yani? Kodi tidzalipira chaka ndi chaka? Ikaonongeka, adzakonza ndani, ndipo amakhala kuti? Maina athu amene mukulembawa akasungidwa kuti? Inu mukadzapita, chidzatsala n'chiyani? Kufunsa si mwano. Mlendo wabwino amakondwera ndi mafunso otere.

Chachitatu, gulu lathu lisataye kaundula wa pepala. Ngongole, zopereka ndi matumba a chimanga zilembedwenso m'buku, kuti tsiku limene makina akana, choonadi chisasowe.

Chachinayi, titumize ana kusukulu, atsikana pamodzi ndi anyamata, ndipo tiwalimbikitse pa masamu. Pakati pawo pali amene adzalembe mapulogalamu a zipatala ndi mabanki athu, ndiponso amene adzawamasulire m'zilankhulo zathu.

Makolo athu adamenyera nthaka. Ife tikumenyana ndi umbuli. Ana athu adzasunga makiyi. Tiyeni tiphunzire!

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi pulogalamu n'chiyani, ndipo amailemba ndani?
2. Tchulani zinthu zinayi zimene pulogalamu yaufulu imatilola kuchita.
3. Chidachitika n'chiyani ndi makhadi a mabanki mu Novembala 2018?
4. Kuchokera mu 1975 kufika mu 2007 padapita zaka zingati?
5. M'mudzi mwathu muno, ndi zida ziti zimene timatha kukonza tokha, ndipo ndi ziti zimene timadikira munthu wakutali?

Lembani m'makope anu mawu awa: kompyuta, pulogalamu, chilolezo, kiyi, ufulu.