Tilawa: Siliva Anavuulidwa, Anthu Anatsala Pansi

Akuluakulu a ku Ntcheu akudziwa kuti nsalu ndi mikanda ya m'masitolo a Amwenye inkachokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Katundu ankatsikira pa doko la Beira, n'kubwera pa njanji yodutsa pa Balaka ndi Sharpevale, imene inafika ku Salima mu 1935. Koma pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ulendo wa panyanjayo unasanduka msampha.

Pa 20 November 1942, sitima ya Tilawa inanyamuka ku Bombay kulinga ku Mombasa ndi Durban. Inanyamula katundu wamalonda pamodzi ndi anthu oposa 950, ambiri mwa iwo Amwenye, Asilamu ndi Ahindu, obwerera ku ntchito ndi ku mabanja awo kuno ku Africa.

Usiku wakucha pa 23 November, sitima yankhondo ya Japan yoyenda pansi pa madzi, I-29, inaphulitsa Tilawa ndi bomba. Anthu anakanganirana mabwato mu mdima. Ataona kuti sitimayo siikumira, ena anayamba kubwereramo. Pamenepo bomba lachiwiri linagunda, Tilawa n'kumira.

Opulumuka anayandama masiku awiri, dzuwa ndi ludzu zikuwazunza, mpaka sitima ya Britain, HMS Birmingham, inadzawatola. Anthu 280 anatsikira kuli chete. Achibale awo sanawasambitse, sanawaveke nsanda, ndipo alibe manda oti n'kukawaona.

Koma m'mimba mwa Tilawa munalinso mipiringidzo ya siliva 2,364 yopita ku South Africa kukasula ndalama. Mu 2017 kampani ya ku Britain ya Argentum Exploration inavuula chumacho pansi pa nyanja. Mkangano wake unafika ku khoti lalikulu la Britain, limene mu 2024 linagamula mokomera boma la South Africa. Za anthuwo? Mwambo woyamba wowakumbukira unachitika ku Mumbai mu 2022, patapita zaka 80.

Ife a m'mbali mwa nyanja chisoni chotere sichachilendo. Sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu 145, ngakhale kuti imeneyo inagubuduzidwa ndi namondwe, osati mdani.

Abale ndi alongo, chuma chili ndi ochilondola ngakhale pansi pa nyanja, koma dzina la munthu limasungidwa ndi banja lake basi. Kodi ana anu akuwadziwa maina a agogo amene anapita osabwerera? Auzeni lero.